Dzina la pa Geti

Ndinapeza ganyu ya masiku awiri ku Mayfair,
kuseri kwa msikiti, komwe fungo la samusa
limalimbana ndi utsi wa mateksi.
Geti linachita dzimbiri, dzina linafufuluka.
"Pakanso penti," anatero Shehe Mubaraka,
"koma usasiye kadontho ngakhale kamodzi."

Ine mwana wa ku Bilila, wokulira m'kwaya,
ndinayambira kumanzere
monga anandiphunzitsira a Nankhoma mu sitandade wani.
Ana anaseka mpaka kugwira nthiti.
Kamtsikana kogweluka mano awiri, Ruweida,
kanandikoka ovolosi:
"Malume, mwayambira kumchira."

Dar.
Zilembo zitatu basi.
Shehe akuti ndi nyumba,
koma muzu wake ndi kuzungulira,
monga mpanda uzungulira bwalo,
monga munthu azungulira dziko
nkudzagogodanso pakhomo pomwe anachokera.
Chomwe sanandiuze ndinachiona ndekha:
zilembo zitatuzo sizigwirana manja,
chilichonse chaima pachokha,
ngati ife asanu ndi mmodzi m'chipinda cha ku Brixton,
denga limodzi,
aliyense loko wake pachikwama.

Al-Aytam.
Apa burashi inanjenjemera.
Madontho awiri pansi, awiri pamwamba,
ndipo zilembo zapakati zakolowekana mikono
ngati ana owoloka msewu maloboti atafa.
Mmodzi ndi yatimu, akachuluka ndi aytam.
"Yatimu," anatero Shehe akupukuta mandala,
"ndi amene bambo ake atsogola
iye asanathe msinkhu.
Komanso ngale ikapezeka imodzi yokha,
yosowa inzake yofanana nayo,
nayonso amaitcha yatima,
ndipo amalonda amailimbirana mtengo."

Ndinafunsa ngati palibe mawu afupi,
poti chitini chinali kulira pansi.
"Alipo, maytam. Penti ikanatsala.
Koma ndikufuna mwana akatsika galimoto ya boma
ayambe waona mawu akuti nyumba."

Kwathu sitimatchula ngale.
Timati wamasiye,
wosiyidwa,
ngati khasu pamzere mvula itadzidzimutsa.
Bambo anga anabwera kuno ndi Teba
ine ndikukwawa.
Chinabwerera ndi sutikesi yachitsulo,
bulangete lofiira, ndi kalata yachizungu
yomwe anatiwerengera mphunzitsi wamkulu.
Mapiri achikasu aja a kumigodi
ndimawaona ndili pamakwerero;
mphepo ya Ogasiti ikawaulutsa
ndimatseka pakamwa,
kuopa kumeza bambo anga.

Tsiku lachiwiri, dzuwa litapendeka,
ndinatsika nkufunsa funso lomwe linandigoneka chogadama:
"Shehe, nanga mwana amene bambo ake ali moyo,
akudya, akupuma, akupenta mageti a eni,
koma chaka chachisanu ndi chiwiri chino
mwanayo amawadziwa ngati nkhope
ya pafoni yosweka galasi,
ngati uthenga wa ndalama pakutha pa mwezi,
ameneyo Chiarabu chimamutcha ndani?"

Sindinatchule dzina la Mwandida.
Sindinanene kuti ali sitandade faifi,
kuti Khirisimasi yatha ananditcha "achimwene"
amayi ake nkumutsina.

Shehe anayang'ana geti,
anayang'ana nsapato zanga zamathothomathotho.
Mkuwe wa swala unamveka padenga la msikiti.
"Penti ikuuma," anatero, nkumapita.

Kanatsala kadontho kamodzi pamwamba.
Ruweida anaviika chala m'chitini
ndisanamuletse,
ndinamunyamula m'chiuno, wopepuka ngati mtolo wa udzu,
iye nkudinda.
Kadonthoko kanapendama, kanachucha pang'ono.
Ndinatenga sanza kuti ndifufute,
koma dzanja linakana.

Anandipatsa marandi mazana anayi ndi mbale ya biriyani.
Sindinakwere tekisi ya ku Brixton.
Ndinayenda wapansi mpaka ku Park Station,
zala zikununkha thina,
nkufunsa mtengo wa basi ya ku Mwanza.
Mayi wa pawindo anandiuza.
Ndinawerenga za m'thumba kawiri,
kuyambira kumanzere,
kenako kuyambira kumanja.